Etymonline: apu yomwe ndinafufuzira mawu oti hospital ndili gadiyani pa wodi

Ndakhala ndikufuna kulemba za chinthu chimenechi kuyambira mwezi watha koma zochita zimangochuluka, lero ndangoti ndikhale pansi basi. Ndikunena za Etymonline, dzina lake lonse ndi Online Etymology Dictionary. Ndi dikishonale ya pa intaneti koma osati ija yongokuuza tanthauzo la mawu ayi, iyiyi imakuuza komwe mawu a Chingerezi anachokera, analowa liti m'chinenerocho, poyamba ankatanthauza chani, ndiye ngati njira ilipo imakutenga mpaka kumizu kwenikweni zaka masauzande kumbuyoko. Ndaigwiritsa ntchito pafupifupi masabata 6 tsopano, pa burawuza komanso pa apu ya pa foni, ndiye ndikuona kuti chonena ndili nacho. Pa 5 ndikuipatsa 4, chifukwa chake muchimva.

Mmene ndinaipezera ndi chonchi. Mayi anga anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, vuto la shuga ndi BP, gadiyani ndinali ine. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa kuti usiku wa pa wodi sumatha, wayala chitenje pansi pambali pa bedi, tulo sitikubwera chifukwa khutu lili kwa wodwala, wina akubuula uko, anesi akudutsa ndi tochi, ndiye foni ndi imene imakhala mnzako bola tchaji ikhalemo. Usiku wina mng'ono wanga, chitsiriza wa m'nyumba mwathu yemwe ali Fomu 3, anaponya uthenga pa gulupu ya banja pa WhatsApp, umodzi mwa mauthenga aja ongoyenda foni ndi foni, woti mawu oti HOSPITAL ndi chidule cha House Of Sick People In Trauma And Labour. Anthu anayamba kuyamikira kuti eee sitimadziwa, zikomo potiphunzitsa. Amalume athu, omwe anaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri mpaka kupuma, anangolemba mzere umodzi: "Ana inu musamangomeza chilichonse, mawu amenewo ndi akale kuposa agogo a agogo anu, kafufuzeni." Ine poti ndinali maso ndinalowa pa Google nkutayipa hospital etymology, ndipo pa zoyamba kutuluka panali Etymonline imeneyi.

Chomwe ndinapeza chinandikhazika tsonga. Mawu oti hospital akupezeka m'Chingerezi kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1200, ndipo nthawi imeneyo samatanthauza nyumba ya odwala ayi, ankatanthauza malo ofikirapo anthu osowa pogona, amphawi, apaulendo. Tanthauzo lomwe timalidziwa ifeli, la malo ochiritsira odwala ndi ovulala, likuyamba kuoneka m'ma 1540, ndiye kuti panadutsa zaka pafupifupi 300 mawuwo akugwira ntchito ina. Angerezi anawatenga ku Chifalansa chakale, hospital kapena ospital, Afalansa anawatenga ku Chilatini, hospitale, nyumba ya alendo, ndipo ameneyo akuchokera ku hospes. Hospes ameneyu ndi amene anandigwira mtima chifukwa kwa Aroma mawu amodzi omwewo ankatanthauza mlendo komanso mwini nyumba wolandira mlendoyo. Onse awiri dzina limodzi. Za trauma ndi labour mulibemo nkamodzi komwe, ndipo zoti mawu azipangidwa potenga chilembo choyamba cha mawu angapo ndi zaposachedwapa, zinafala m'zaka za m'ma 1900, ngati radar ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi laser ya cha m'ma 1960. Uthenga wakale uja wa NEWS kuti ndi North East West South nayenso ndi bodza lomwelo, news ndi kuchulukitsa chabe kwa new, zatsopano, ndipo akupezeka kale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300.

Apa ndi pomwe ubwino weniweni wa saitiyi umaonekera, chifukwa mawu ofunika ali ndi linki, ukadina umagwera pa tsamba lina, ndiye umangotsetsereka ngati ukutsata mtsinje kupita komwe unatumphukira. Ndinadina host, kenako ndinafika pa tsamba lomwe mutu wake unali wachilendo, *ghos-ti-, ndi kanyenyezi kutsogolo. Pansi pake anandandalika ana onse a muzu umenewu: guest, host, hospital, hospitality, hospice, hostel, hotel, komanso hostile. Ndinawerenga kawiri. Guest mlendo, hostile wa udani, chipatala ndi hotela, onsewa mimba imodzi? Zinali ngati ukapita pa maliro kumudzi nkuuzidwa kuti munthu uja mumangopatsana moni mtauni muja ndi mbale wako weniweni, agogo anu anali pachibale.

Hostel ndi hotel ndi hospital yemweyo atafupikitsidwa pakamwa pa Afalansa. Hostel analowa m'Chingerezi koyambirira kwa zaka za m'ma 1200, hotel anabwera mochedwa m'ma 1640 ndipo poyamba ankanena nyumba yaikulu ya munthu wolemera kapena ya boma, tanthauzo la malo ogona olipira labwera cha m'ma 1760. Kachipewa kaja Afalansa amaika pamwamba pa o polemba hôtel ndi hôpital ndi chizindikiro choti pamenepo panali s yemwe anasiya kumutchula. Ine Chifalansa ndinangochilawa pang'ono ku sekondale ndipo palibe anandiuzapo zimenezi. Ku Paris chipatala chakale kwambiri chimatchedwa Hôtel-Dieu, ndiye kuti nyumba ya alendo ya Mulungu, ndipo ku London kuli St Bartholomew's Hospital yomwe inayamba mu 1123 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero, inayambitsidwa ndi anthu a tchalitchi kuti azisamalira amphawi odwala. Ku London konko kuli dera lotchedwa Spitalfields, spital ameneyo ndi hospital atadulidwa mutu, dzinalo linachokera ku St Mary Spital yomwe inali pamenepo. Zinazi ndinakazipeza nditatuluka pa Etymonline kukawerenga kwina, koma amene anandilozera njira ndi iyeyo.

Tsopano za kanyenyezi kaja, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri angasokonezeke ndipo ine ndinasokonezeka tsiku loyamba. Kanyenyeziko kakutanthauza kuti mawuwo palibe anawapeza atalembedwa paliponse, akatswiri anachita kuwamanganso poyerekeza zinenero. Chinenero chake amachitcha Proto-Indo-European, pa saitipo amangolemba PIE, ndipo akatswiri ambiri amati chinkalankhulidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo m'madambo aakulu a kumpoto kwa Black Sea, komwe lero kuli Ukraine ndi kumwera kwa Russia. Anthu ake sankalemba. Ndiye funso lomwe ndinali nalo ndi lomwe mwina inunso muli nalo, kuti ngati sanalembe anthuwa akudziwa bwanji, sakungopeka?

Nkhani yake inayambira ku India. Mu 1786 William Jones, woweruza milandu wa ku Britain yemwe ankagwira ntchito ku Calcutta, ataphunzira Sanskrit, chinenero chakale cha mabuku a chipembedzo cha Ahindu, ananena pamaso pa anzake kuti chinenerochi chikufanana kwambiri ndi Chigiriki ndi Chilatini moti sizingakhale zangozi, zitatuzi ziyenera kuti zinachokera pa gwero limodzi lomwe mwina kulibenso. Patadutsa zaka, mu 1822, Jacob Grimm wa ku Germany anaonetsa kuti kusiyana kwa mamvekedwe sikuchitika mwachisawawa koma kumatsata lamulo. Pomwe Chilatini chili ndi p Chingerezi chimakhala ndi f: pater ndi father, piscis ndi fish. Pomwe Chilatini chili ndi t Chingerezi chili ndi th: tres ndi three. Pomwe pali c wotchulidwa ngati k, Chingerezi chili ndi h: cornu ndi horn, centum ndi hundred. Si mawu amodzi kapena awiri, ndi mndandanda wautali ndithu.

Nditawerenga zimenezi ndinangoti aa, komatu izi ife timazidziwa kale. Aliyense amene anakhalako ku Harare kapena ali ndi abale obadwira ku Zimbabwe amadziwa kuti ife tikati munthu Ashona amati munhu, ife chinthu iwo chinhu, ife mphepo iwo mhepo, ife nkhuku iwo huku, ife nkhuni iwo huni. Ukangogwira lamulolo ukhoza kulosera mawu omwe sunawamvepo. Mswahili amati mtu, Mzulu umuntu. Palibe angakuuze kuti zinangochitika, zikuonekeratu kuti kunali kholo limodzi, ndipo akatswiri ngati Carl Meinhof anayamba kulimanganso kholo limenelo mu 1899 ndi njira yomweyi ya kanyenyezi. Ndiye kwa ine PIE inasiya kukhala nthano ya azungu, ndinaona kuti ndi ntchito yomweyo yomwe khutu langa limachita ndikamamva Chishona kapena Chitumbuka.

Tikabwerera kwa mlendo wathu uja, lamulo lake ndi loti gh wakaleyo ku Chilatini anasanduka h pomwe ku zinenero za banja la Chijeremani, momwe muli Chingerezi, anasanduka g. Nchifukwa chake Chilatini chili ndi hostis pomwe Chijeremani chili ndi Gast ndipo Chingerezi guest, chimodzimodzi haedus wa Chilatini, kamwana ka mbuzi, ndi goat. Ndiye guest ndi host ndi ana a munthu mmodzi omwe anayenda njira zosiyana nkukakumana ku England. Guest anadzera kumpoto, Chingerezi chakale chinali naye kale, kenako ma Viking ochokera ku Scandinavia anabwera ndi gestr wawo yemwe anathandiza kuti katchulidwe kakhale ka g wolimba timamumva leroyu. Host anadzera ku Rome nkudutsa ku France, nkuwoloka nyanja pambuyo pa 1066 pomwe William wa ku Normandy anagonjetsa England ndipo Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu, makhoti ndi akuluakulu kwa zaka mazana. Hospes mwiniwakeyo akuti ndi mawu awiri olumikizana, *ghos-ti- ndi *poti- kutanthauza mwini kapena mbuye, ndiye kuti mbuye wa mlendo, ndipo *poti- yemweyo ndi amene ali mu potent ndi power.

Nanga udani unalowa bwanji? Hostis kwa Aroma oyambirira ankangotanthauza munthu wakunja, wobwera. Cicero, mlembi wa ku Rome yemwe anakhala zaka za m'ma 100 zomaliza Yesu asanabadwe, analemba yekha kuti makolo awo ankati hostis ponena munthu wa dziko lina basi, kenako mawuwo anauma nkuyamba kutanthauza mdani wa pa nkhondo. Apo ndi pomwe pachokera hostile ndi hostility. Muzu wake unkanena za munthu yemwe si wa pamudzi pano koma pali pangano pakati pa iwe ndi iye, lero ukumulandira mawa akakulandira kwawo, ndipo pangano likasweka yemweyo ndi amene amasanduka woopsa.

Ndinaganiza za mawu athu oti mlendo. Ifenso timati kwabwera alendo tikamanena anthu omwe tawaphera nkhuku, komanso timati munthu wachilendo, nkhope yachilendo, matenda achilendo tikamanena chinthu chomwe sitikuchidziwa ndipo mwina tikuchiopa. Mlendo ndi ulendo ndi apachibale, mlendo ndi munthu wa paulendo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, amatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindikunena kuti Chichewa ndi Chilatini ndi pachibale ayi, ndi mabanja osiyana kotheratu, ndikungonena kuti anthu awiri otalikirana anaona chinthu chimodzi mwa munthu wobwera. Ndipo ndinkawerenga zimenezi ndili pa malo pomwe tonse tinali alendo. Ku khitchini ya magadiyani kuja mayi wina wochokera kutali, sindinkamudziwa, anandigawira moto ndi ndiwo tsiku lomwe achemwali anachedwa kubweretsa chakudya, nane tsiku lina ndinamuyang'anira wodwala wake iye atapita kukachapa. Mmawa mwake ndinawafotokozera mayi zonsezi akumwa phala, anamvetsera mpaka kumapeto nkunena kuti, "Ndiye kuti anesiwa ndi eni nyumba, ife ndife alendo awo." Ndinati eya amayi, ndi momwemo ndithu.

Tsopano ndinene za saitiyo payokha, poti iyi ndi ndemanga osati phunziro. Choyamba ndi yaulere, sufunika kulembetsa kapena kuika imelo, umangotayipa mawu nkuwerenga. Masamba ake ambiri ndi zolemba zokhazokha ndiye kwa ine imatseguka ngakhale netiweki ili yofooka, pa wodi paja ndinkakhala ndi timizere tiwiri koma zinkatheka, ndipo bandulo siinkatha msanga ngati mmene imathera pa TikTok kapena pa Facebook. Muli zotsatsa malonda, izo ziliko, ndipo ndikumvetsa chifukwa chinthu chaulere chimafunika pena pake popezera ndalama. Apu ilipo ya Android ndi ya iPhone, koma ngati foni yanu ndi yodzadza kale musavutike, pa burawuza mupeza zomwezo.

Chachiwiri chomwe ndinakonda ndi zaka. Pafupifupi mawu aliwonse amakuuza nthawi yomwe anayamba kupezeka, ndipo tanthauzo likasintha amakuuzanso nthawi yake, ndiye umaona mawu akukula ngati mwana. Chofunika kudziwa ndi choti chaka chimenecho si tsiku lobadwa la mawuwo, ndi nthawi ya cholembedwa chakale kwambiri chomwe chinapezeka, anthu akhoza kuti ankawalankhula kale zaka zambiri asanawalembe, ndipo eni saitiyo amanena okha zimenezi. Chachitatu, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, pomwe chiyambi cha mawu sichikudziwika amanena poyera kuti sichikudziwika. Yesani dog muone. Mawu wamba ngati amenewo, Chingerezi chakale chinali ndi docga, kupitirira apo njira yatha, ndipo sakupangira nkhani yokoma kuti usangalale. Uthenga wa pa WhatsApp uja umakhala ndi yankho la chilichonse, awa ali ndi malire, nchifukwa chake ndimawakhulupirira.

Amene anayambitsa ndi Douglas Harper, wa ku Pennsylvania ku America, munthu wolemba mbiri yakale komanso wogwira ntchito za nyuzipepala, ndipo anayamba mu 2001. Iyeyo sachita kufukula yekha mizuyi, amasonkhanitsa zomwe zili m'madikishonale akuluakulu a akatswiri nkuziika mwachidule pamalo amodzi, ndipo mabuku omwe amagwiritsa ntchito anawandandalika pa saitipo. Apa ndi pomwe nyenyezi yanga yachisanu ija yatsalira. Ukamawerenga mawu amodzi nthawi zambiri suona kuti mzere uwu wachokera m'buku liti, ndiye ngati ukulemba asayimenti ya ku koleji sungangodalira pamenepa. Oxford English Dictionary ndi imene imakupatsa ziganizo zenizeni zakale ndi chaka chake ndi amene analemba, koma imeneyo kuti uone zonse pamafunika kulipira kapena kudzera ku laibulale yomwe inalembetsa. Kwa munthu wamba ngati ine Etymonline ikukwana, kwa wofufuza ikhale poyambira.

Ndikupatseni chitsanzo cha chomwe ndikutanthauza. Pa tsamba la *ghos-ti- paja pamatchulidwanso xenos wa Chigiriki, yemwe naye amatanthauza mlendo komanso wachilendo, ndipo ndi amene ali mu xenophobia. Mawu amenewa ife Amalawi timawadziwa ndi thupi osati ndi buku lokha, msuweni wanga anali mmodzi mwa anthu omwe anabwerera pa mabasi kuchokera ku Durban mu 2015 atasiya katundu yense. Ndiye nditaona kuti xenophobia ndi hospitality akhoza kukhala a muzu umodzi mtima unandigunda, ndinafuna nditumize pompo pa gulupu. Koma nditayang'ana pa Wiktionary, dikishonale ina ya pa intaneti, ndinapeza kuti pali akatswiri ena a Chigiriki omwe sagwirizana nazo, amati mamvekedwe ake sakutsata bwino lamulo ndipo mwina xenos Agiriki anamutenga kwa anthu omwe anawapeza m'dzikolo. Ndiye za guest, host ndi hostis ndi zokhazikika, za xenos anthu akukanganabe, ndipo wowerenga mothamanga sangasiyanitse ziwirizi. Langizo langa ndi loti mukafika pa mawu a kanyenyezi muziyang'ananso malo achiwiri. Musadabwenso mukaona kalembedwe kosiyana, Etymonline imalemba mophweka *ghos-ti- pomwe Wiktionary imalemba ndi tizilembo ting'onoting'ono pamwamba, ndi muzu womwewo.

Vuto lina ndi Chingerezi chake. Si chovuta kwenikweni koma ndi chothinana, chiganizo chimodzi chimanyamula zinenero zinayi, ndipo pali zidule zomwe muyenera kuzolowera. Akalemba 13c. akutanthauza zaka za m'ma 1200 osati 1300, apa ndinaphonya poyamba ndipo ndikudziwa ambiri aphonyanso. Akalemba c. kutsogolo kwa chaka ndiye kuti cha m'ma, mid ndi chapakati, late ndi chakumapeto. Old English ndi Chingerezi cha 1066 isanafike ndi pang'ono pambuyo pake, chomwe ngakhale Mngerezi wa lero sangachimve. Mng'ono wanga wa Fomu 3 uja nditamutumizira linki anati zamukulira, koma titakhala limodzi nkuwerenga mzere ndi mzere kuyambira kumanzere, uku kwachokera uku, uku kwachokera uku, anagwira msanga ndipo pano ndi iyeyo amene akunditumizira mawu. Ndiye aphunzitsi ndi makolo, musangomupatsa mwana nkumusiya, khalani naye tsiku loyamba.

Iyeyo ndi amene anapeza za school, ndipo zinamusangalatsa kwambiri. Sukulu yathuyi ndi school, Chingerezi chakale scol, kuchokera ku Chilatini schola, kuchokera ku Chigiriki skhole, ndipo kwa Agiriki mawuwo ankatanthauza nthawi yopuma, mpata womwe munthu ali nawo akaweruka ku ntchito. Anthu a mpata ankakhala pansi nkumakambirana nzeru, kenako dzina la mpatawo linapita pa zokambiranazo, kenako pa malo okambiranawo. Koma school ya nsomba zoyenda pamodzi ija ndi mawu ena, anachokera ku Chidatchi ndipo ndi pachibale ndi shoal, angofanana nkhope basi. Saitiyi imawalekanitsa bwinobwino, uyu nambala 1 uyu nambala 2. Ine ndinafufuza nurse poti ndinkawaona tsiku lililonse, akuchokera ku Chilatini nutricia kudzera ku Chifalansa, mayi woyamwitsa mwana wa wina, pachibale ndi nourish ndi nutrition, ndipo tanthauzo la wosamalira odwala labwera mochedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Mayi nawo anafunsa za shuga yomwe inawagonekayo. Sugar anadzera ku Chifalansa sucre, Chilatini cha m'zaka zapakati succarum, Chiarabu sukkar, Chiperisiya shakar, mpaka ku Sanskrit sharkara, mawu omwe ankatanthauzanso timiyala ting'onoting'ono ngati mchenga. Njira ya mawuwo ndi njira yomwe nzimbe ndi malonda ake zinayenda kuchoka ku India, ndipo sukari wa Aswahili ndi yemweyo koma iwo anamulandira kwa Aarabu, ife tinamulandira kwa Angerezi.

Chomwe simudzachipeza pa Etymonline ndi mbali yathu ya nkhaniyi, ndipo sindikuwaimba mlandu chifukwa ntchito yawo ndi ya Chingerezi. Imakufikitsa pa hospital nkuima, siikuuza kuti mawuwo atafika kuno anakhala chipatala. Koma taonani mmene tinawachitira. Tinadula mutu, pomwe pamamveka s tinaikapo chi wathu, ndipo atangolowa m'gulu la chi basi anayamba kuchulukitsidwa ngati chingwe ndi zingwe, chipatala zipatala, chipatala chachikulu, moti mwana sangadziwe kuti ndi obwereka. Ashona anachita zomwezo, chipatara, Azulu isibhedlela, Aswahili anangowasiya hospitali. Mawu a ku Africa omwe analowa m'Chingerezi alimo ndithu, safari kuchokera ku Chiswahili ndi Chiarabu, tsetse ku Chitswana, impala ku Chizulu, koma amangotchula chinenero nkusiya pomwepo, sapita pansi ngati mmene amachitira ndi Chilatini ndi Chigiriki.

Zimenezi zandipatsa njala yoti tikhale ndi yathu ya Chichewa yomwe munthu angatsegule pa foni, kutayipa galimoto kapena nsapato nkuona njira yomwe anadzera. Madikishonale tili nawo, kuyambira ija mmishonale Johannes Rebmann anasonkhanitsa kufupi ndi Mombasa kuchokera kwa Salimini, munthu wakwathu kuno yemwe anagwidwa ukapolo, yomwe inatuluka mu 1877, mpaka ya Centre for Language Studies ku Zomba ya mu 2000, koma ntchito yawo yaikulu ndi tanthauzo osati mbiri ya mawu. Mayi atatuluka m'chipatala ndinapita kukawaona amalume kuti ndiwathokoze, ndinawaonetsa pa foni tsamba la *ghos-ti- lija, anavala magalasi nkuwerenga mwakachetechete mpaka pansi. Kenako analowa m'chipinda nkutulutsa kope la hadikava lomwe linatsala nthawi ya uphunzitsi, anati, "Iwe uzifufuza pa foni yakoyo, ine ndizilemba."

Pano tili ndi mawu 9. Nsapato ndi mbatata tawalemba kuti ndi a Chipwitikizi, sapato ndi batata. Tchalitchi tinamutsata kuchoka pa church mpaka ku Chigiriki kyriakon, cha Ambuye. Sabata yatha tinali pa kalata, yemwe ndi carta wa Apwitikizi, ndiye ndinatayipa card pa Etymonline kuti ndione ngati akukumana, ndipo akukumanadi, Chilatini charta, Chigiriki khartes, tsamba la gumbwa lomwe anthu akale ankalembapo, komwenso kwachokera chart ndi charter. Amalume analemba zonsezo ndi bolopeni yofiira, pansi pake nkuika mawu oti ndalama ndi chizindikiro cha funso, ati Loweruka likubwerali ndipite ndi foni yotchaja tikayambire pa dirham wa Aarabu ndi drachma wa Agiriki.